Mawu a Chingerezi cha ntchito ndi chuma: mukuloweza, nanga akukanikiranji kutuluka?

Mayi wina wogwira ntchito mu ofesi yowerengera ndalama pa kampani ina ku Limbe wanditumizira imelo yaitali ndithu, ndiye ndingoidula. Akuti Chingerezi amachimva bwino, ali ndi dipuloma ya akaunti, ndipo nyuzipepala amawerenga popanda dikishonale. Vuto limabuka pamsonkhano ndi mabwana. Nkhani ikafika pa za chuma amamva zonse, koma akati atsegule pakamwa, mawu amene amabwera ndi "increase", "decrease", "problem" ndi "good" basi. Anayamba kuloweza mawu 20 pa tsiku kuchokera pa mndandanda wina wa pa intaneti, koma ikamatha sabata onse amakhala atauluka. Akufunsa ngati pali mndandanda wabwino kuposa umenewo, komanso kuti aloweze mawu angati kuti azitha kuyankhula momasuka.

Achemwali, zikomo polemba. Mindandanda yabwino ilipo, ndipo ndikutchulirani umodzi, koma ndikukayika ngati ndi chimene chikukusowani.

Wodziwika kwambiri ndi Academic Word List, umene Averil Coxhead wa ku Victoria University of Wellington ku New Zealand anatulutsa mu 2000. Uli ndi mabanja a mawu 570 (banja ndi liwu limodzi pamodzi ndi ena ochokera kwa ilo), ndipo "economy", "finance", "income", "labour", "sector" ndi "revenue" ali momwemo. Mukauona mupeza kuti ambiri mumawadziwa kale. Paul Nation, katswiri wina wa kuyunivesite yomweyo ku Wellington, anawerengera kuti munthu amafunika mabanja a mawu 8,000 mpaka 9,000 kuti aziwerenga nyuzipepala kapena buku la nthano la Chingerezi osapunthwa. Inu nyuzipepala mumawerenga kale. Choncho nkhokwe muli nayo, ndipo ndi yodzaza. Chimene chikuvuta n'chakuti mawuwo mumawazindikira mukawaona, koma simunawazolowere kuwaitana nokha. Kuwonjezera ena 20 pa tsiku kumangokulitsa mulu wa mawu osatulukawo.

Liwu la Chingerezi cha zachuma siliyenda lokha. Lili ndi mneni wake, lili ndi mperekezi wake, ndipo mukaliloweza popanda amenewa muli ngati munthu amene wagula tcheni, masipoko ndi mabuleki asanaonepo njinga yomanga. Tengani "debt". Aliyense amadziwa kuti ndi ngongole. Koma pamsonkhano simungangonena kuti "debt" n'kukhala chete. Kampani ikamalipira chiwongola dzanja ndi zigawo za ngongole pa nthawi yake, amati "service a debt". Ikamaliza yonse, "settle" kapena "clear". Wobwereketsa akataya mtima kuti ndalama zake sizibweranso, "write off". Akagwirizana zosintha nthawi kapena kalipiridwe, "restructure", ndipo liwu limeneli lakhala m'nyuzipepala zathu kuyambira cha mu 2022 pa nkhani ya ngongole za dziko. Mawu anayi kapena asanu amenewa, mutawagwira pamodzi ndi "debt", akuthandizani kuposa mayina 50 oima paokha. N'chimodzimodzi ndi "meet a deadline", "miss a target", "incur costs", "submit a bid", "award a contract". Kope lanu lizikhala ndi timagulu totere, osati liwu limodzi ndi tanthauzo lake pambali.

Nanga timaguluti muzititenga kuti? Apa ndiye ndimaumirira: muzitenge mu nkhani zimene mukuzidziwa kale ndi thumba lanu lomwe. Mabuku ambiri ophunzitsa Chingerezi cha bizinesi amakamba za makampani a ku London ndi misika ya ku New York, ndipo mutu umatopa kawiri, kumvetsa nkhaniyo ndi kugwira mawu. Pomwe ya November 2023 simufunika wina akufotokozereni. Reserve Bank of Malawi inachepetsa mphamvu ya kwacha, dola yomwe inali pa K1,180 inafika pa K1,700, ndipo tonse tinaiona nkhaniyo pamtengo wa shuga ndi wa minibasi. Werengani mmene inalembedwera m'Chingerezi. Mupeza "the central bank devalued the kwacha by 44 percent". Onani kuti pali wochita, banki, ndipo pali "by" kutsogolo kwa nambala. Ndalama ikamafooka yokha pamsika, popanda wolengeza, amati "the kwacha depreciated against the dollar", ndipo apo palibe amene waigwira. Inu a akaunti "depreciation" mumaidziwa pa galimoto ndi makina a kampani, ndiye apa mwangoipeza kuntchito ina. Muonenso kuti a boma nthawi imeneyo ankakonda kunena kuti "realignment". Chochitika n'chimodzi, koma liwu limene munthu wasankha limakuuzani mbali imene waima. Pa msinkhu wanuwu, kumva zimenezi ndiye kudziwa Chingerezi.

Pali ziwiri zimene zimagwetsa ngakhale anthu ophunzira bwino, ndipo ndikufuna muzigwire lero lomwe. Choyamba, National Statistical Office ya ku Zomba ikatulutsa ziwerengero za mwezi, nyuzipepala nthawi zina imalemba kuti "inflation has eased" kapena "slowed". Ambiri amamva ngati mitengo yatsika, kenaka amakwiya akafika pamsika n'kupeza yakwera. Mitengo ikukwerabe, kungoti liwiro lake lachepa. Mukafuna kunena kuti yatsikadi, ndi "prices have fallen". Chachiwiri, mu February 2024 banki yaikulu inakweza "policy rate", chiwongola dzanja chimene mabanki ena amatsatira, kuchoka pa 24 kufika pa 26 peresenti. Kumeneko ndi kukwera kwa "two percentage points", kapena "200 basis points" monga amalembera iwo eni. Mukanena "two percent" pamaso pa mkulu woona zachuma, amva china. Ndipo banki "raised" chiwongola dzanjacho, pomwe mitengo "rose". Wina ali ndi chinthu chimene akuchikweza, winayo akukwera yekha. Izi munaphunzira kusekondale, koma pakamwa pakathamanga zimasokonekera, ndipo mankhwala ake n'kuzinena mokweza kambirimbiri m'ziganizo zenizeni.

Chikalata chimene ndimalimbikitsa aliyense wa zandalama ndi chija imatulutsa Monetary Policy Committee ya Reserve Bank ikatha kukumana. Chimapezeka pa webusaiti yawo, n'chachifupi, ndipo ubwino wake waukulu ndi wakuti mawu omwewo amabwerera ulendo uliwonse: "maintain", "tighten", "outlook", "projected to", "inflationary pressures", "foreign exchange reserves". Mukawerenga zitatu motsatizana, mawuwo amayamba kukhala okha m'mutu. Ndondomeko ya zachuma imene nduna imawerenga ku Nyumba ya Malamulo ndi yaitali, musailimbane yonse. Tengani tsamba limodzi la misonkho, poti zimenezo zimakhudza desiki lanu.

Ku mbali ya ntchito, phunziro labwino lili kale m'chikwama chanu: payslip ndi kalata yanu yolembedwera ntchito. Pa payslip pali "gross pay", ndalama zonse musanadulidwe, pali "deductions", pali msonkho wa PAYE wopita ku MRA, pali penshoni imene lamulo limati wantchito aziikako 5 peresenti ndipo bwana 10 peresenti, ndiye pansi "net pay", ija imafika m'manja. Yesani kufotokozera munthu pepala limenelo m'Chingerezi kuyambira pamwamba mpaka pansi. Mudabwa kuti "deducted from", "contribute towards" ndi "remitted to" mumawadziwa koma simunawatchulepo.

Mawu a kutha kwa ntchito ndiye musawaseweretse, chifukwa pamenepa pali ndalama ndi mbiri ya munthu. "Dismissed" nthawi zambiri amamveka kuti munthu anachotsedwa chifukwa cha mlandu kapena kulephera ntchito. Kampani ikachepetsa antchito chifukwa zinthu sizikuyenda, kuno ndi ku South Africa timati "retrenched", ku Britain amati "made redundant", ku America "laid off". Employment Act yathu imasiyanitsa zimenezi: wochotsedwa pochepetsa antchito ali ndi ufulu wolandira "severance allowance", pomwe wochotsedwa mwachilungamo chifukwa cha khalidwe loipa salandira. Zimandipweteka ndikamva munthu wosalakwa akunena pa intavyu kuti "I was dismissed" pomwe kampani yake inangotseka nthambi. Wadzipaka yekha mlandu umene alibe, ndipo ofunsa aja sangamufunse kawiri.

Tsopano kachitidwe kake. Sankhani nkhani imodzi pa sabata, ya patsamba la bizinesi la The Nation kapena The Daily Times, kapena chikalata cha banki chija. Imodzi yokha. Muiwerenge kaye kuti mumve nkhani, kenaka mubwererenso ndi cholembera n'kutolamo timagulu ta mawu tisanu ndi titatu kapena khumi. Musasankhe mawu achilendo kwambiri amene simudzawagwiritsa ntchito. Sankhani aja mumati mukawaona mumawamva koma inu simukanawanena. Lembani chiganizo chonse mmene chilili, ndipo pansi pake lembani chanu chokamba za kuofesi kwanu. Ngati nyuzipepala yati "government has accumulated arrears to suppliers", inu lembani za kasitomala wanu uja amene sanalipire mainivoisi kuyambira chaka chatha. Chiganizo chokhala ndi nkhope ya munthu amene mumamudziwa sichiiwalika msanga.

Mawa lake phimbani mneni ndi chala, muyese kumukumbukira musanayang'ane. Mubwerezenso pakatha masiku atatu, pakatha sabata, kenaka pakatha mwezi. Hermann Ebbinghaus anaonetsa kale mu 1885 kuti zimene taloweza zimatayika mofulumira kwambiri m'masiku oyambirira, n'chifukwa chake mawu anu 20 aja amauluka. Kubwereza motalikitsa nthawi ndi kumene kumawasunga. Pali pulogalamu ya pafoni yotchedwa Anki imene imakuwerengerani masikuwo, koma timakhadi todula pa katoni timagwiranso ntchito yomweyo. Chofunika n'chakuti muzidzifunsa, osati kungowerenga kope mobwereza. Kuwerenga kumanyenga, chifukwa chilichonse chimaoneka chodziwika chikakhala patsogolo panu.

Gawo limene ambiri amalithawa ndi lotsatirali, ndipo ndi limene likuyankha dandaulo lanu la pamsonkhano. Tsekani nyuzipepala, tsegulani chojambulira mawu pafoni, mufotokoze nkhaniyo kwa mphindi ziwiri ngati mukuuza bwana amene sanaiwerenge. Mukamvetsera mupeza pamene munathawira ku "increase" ndi "problem". Pamenepo ikanipo "surged", "edged up", "shortfall" kapena "bottleneck", malinga ndi chimene mumatanthauza, n'kujambulanso. Mawu anu akumvekerani zachilendo poyamba, pirirani. Ngati kuofesi kuli mnzanu amene ali ndi vuto lomweli, gwirizanani kuti tsiku limodzi pa sabata pa nthawi ya nkhomaliro wina azifotokoza, wina azifunsa mafunso ovuta.

Chenjezo limodzi. Mawu akayamba kuchuluka, pamabwera chilakolako chowaunjika kuti anthu aone kuti mwaphunzira. Musatero. Amene amamveka bwino pamsonkhano amanena zinthu mwachidule ndi liwu loyenera pamalo pake. "Sales fell by a tenth because two clients delayed their orders" ndi chiganizo champhamvu kuposa ndime yodzaza ndi "leverage" ndi "synergy". Komanso "surged" musamuike pa kukwera kwa 1 peresenti, ameneyo ndi wa kulumpha kwakukulu.

Za nambala munafunsa ija: timagulu khumi pa sabata, togwiritsidwa ntchito pakamwa ndi polemba, tikwana pafupifupi 500 pa chaka, ndipo pa ntchito ya akaunti amenewo ndi ambiri zedi. Sabata ino yambani ndi payslip yanu. Msonkhano wotsatira usanafike, funsani ajenda, musankhe mfundo imodzi imene ikukhudza dipatimenti yanu, mukonzekere ziganizo zitatu zokhala ndi manambala ake, ndipo mukazinene. Mukatero mundilembere kuti zinayenda bwanji, ndipo ngati pali ziganizo zimene mukukayika, zitumizeni tidzazione limodzi.