Musataye sikelo yakale chifukwa cha waya wa serial

Ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena amene ndi kalaliki pa kopaletivi ya alimi a mtedza ndi soya kufupi ndi Kamwendo ku Mchinji. Sikelo yawo ili m'nyumba yosungiramo matumba, kompyuta ili mu ofesi pa mtunda wa mamita pafupifupi 70, ndipo wamalonda wina wawauza kuti agule sikelo yatsopano chifukwa yakaleyo ili ndi port ya serial yokha. Akufunsa ngati pali njira ina.

Njira ilipo, achimwene, koma ndiloleni ndiyambe ndafotokoza chifukwa chake funso lanu landikhudza mtima. Ndinathandizapo pa malo ena ogulira mbewu ku Kasungu nyengo yokolola, ndipo kumeneko kulemera kwa thumba kunkayenda pakamwa. Mnyamata woyeza ankayang'ana pa sikelo n'kufuula nambala, mnzake ankailemba m'kope lothimbirira ndi fumbi la soya, kenako kalaliki ankakopera zonse mu kompyuta ndi kulemba risiti. Tsiku lina mayi wina wachikulire, amene anabweretsa matumba ake pa ngolo kuchokera kutali, anakana kulandira ndalama, ponena kuti anaona ndi maso ake 48 pa sikelo pomwe risiti inkati 43. Palibe amene anaba. Cholembera chinali chitayamba kutha inki, ndipo 8 inaoneka ngati 3. Koma mayiwo anabwerera kwawo akukhulupirira kuti aberedwa, ndipo sindingawaimbe mlandu, pakuti mlimi amene wakhala akuponderezedwa ndi masikelo okhota a mavenda ali ndi chifukwa chomveka chokayikira aliyense wogwira cholembera.

Kuyambira pamenepo ndimalimbikira kunena kuti nambala iyenera kuchoka pa sikelo kukafika mu kompyuta popanda kudutsa pakamwa kapena m'manja mwa munthu. Ndipo ndimakana kwathunthu mawu akuti port ya serial ndi chilema. Muyezo wa RS-232, umene port ya serial imatsatira, unakhazikitsidwa mu 1960, ndipo mpaka lero masikelo ndi makina ambiri a m'mafakitale akutulukabe nawo, chifukwa ndi wosavuta: waya wotumiza, waya wolandira, ndi waya wa ground, basi. Vuto lake lenileni ndi mtunda, popeza amalangiza kuti kebulo yake isapitirire mamita pafupifupi 15, pomwe kebulo ya Ethernet, yolumikizira makompyuta pa netiweki, imafika mamita 100. Choncho chimene chikukusowetsani mtendere si sikelo ayi, ndi bwalo limene lili pakati pa nyumba ziwirizo. Ndalama za alimi zimene mukanagulira sikelo ina ndi bwino zipite kokaitana a Malawi Bureau of Standards kuti adzatsimikize kuti imene muli nayoyo ikuyeza molondola, chifukwa nambala yolakwika ikafika mu kompyuta mwachangu imakhalabe yolakwika.

Chida chimene ndimadalira pa ntchitoyi ndi socat, pulogalamu yaulere imene Gerhard Rieger anaitulutsa mu 2001. Ilibe mabatani kapena zithunzi. Mumailembera lamulo lokhala ndi malo awiri, ndipo iyo imanyamula chilichonse chotuluka mbali imodzi n'kuchipereka mbali inayo, uku ndi uku, osasinthapo kanthu. Ena amakonda ser2net, imene inapangidwira ntchito yomweyi, ndipo sindiinyoza, koma socat imandilola kuona ndi maso anga zimene zikudutsa pa waya ndikaonjezera -x kapena -v, zomwe zimathetsa msanga mkangano wakuti kodi vuto lili pa sikelo kapena pa netiweki.

Zoyenera kuchita

Ikani kakompyuta kakang'ono ka Linux, monga Raspberry Pi, pafupi ndi sikelo, kalumikizeni ku sikeloyo ndi adapita ya USB, kenako kokani kebulo ya Ethernet mpaka ku ofesi. Yambani mwayesa pomwepo, thumba lili pa sikelo:

socat /dev/ttyUSB0,b9600,raw,echo=0 -

Mukaona zilembo zosamveka, liwiro limene mwalemba mu lamulolo (b9600) silikugwirizana ndi la sikelo. Masikelo ambiri amakhala pa 9600, koma tsimikizani m'buku la sikelo yanu. Ngati socat ikukana kutsegula port, lowetsani dzina lanu m'gulu la dialout, gulu la mu Linux la ololedwa kugwiritsa ntchito port ya serial. Manambala akayamba kuoneka bwino, tsegulani njira ya pa netiweki:

socat TCP-LISTEN:4001,reuseaddr,range=192.168.1.0/24 /dev/ttyUSB0,b9600,raw,echo=0

Ku ofesi, ngati kompyuta ili ndi Linux ndipo adiresi ya pa netiweki ya kakompyuta kaja ndi 192.168.1.20, lembani:

socat PTY,link=/tmp/sikelo,raw,echo=0 TCP:192.168.1.20:4001

Pulogalamu yanu yowerengera idzaona /tmp/sikelo ngati kuti sikelo ili pa tebulo pomwepo. Ngati ili ndi Windows, mufunika pulogalamu yopanga COM port (dzina la port ya serial mu Windows) yongoyerekezera, kapena yowerenga TCP mwachindunji.

Mwina mudzaona ena akuonjezera mawu akuti fork, olola makompyuta angapo kulumikizana nthawi imodzi, pa lamulo lachiwiri lija. Ine sindikulimbikitsani kutero, chifukwa makompyuta awiri akalumikizana nthawi imodzi amagawana zilembo za nambala imodzi, aliyense n'kulandira chidutswa. Popanda fork, socat imatseka kulumikizana kukangoduka, choncho iikeni pansi pa systemd, imene imayatsa ndi kuyang'anira mapulogalamu mu Linux, ndi Restart=always kuti izidzuka yokha, makamaka magetsi akazima n'kuyakanso. M'malo mwa ttyUSB0 gwiritsani ntchito dzina lopezeka mu /dev/serial/by-id, limene silisintha mukazula adapita n'kuibwezera.

Chimene ndikupemphani ndi mtima wonse n'chakuti musachotse gawo la range, limene limalola makompyuta a pa netiweki yanu okha, ndipo port ya pa netiweki ya 4001 musaitsegulire intaneti pa router yanu. Lamuloli silifunsa mawu achinsinsi ndipo silibisa zimene zikudutsa, kotero aliyense wofikapo akhoza kuwerenga manambala, ngakhale kutumiza malamulo ku sikelo ngati ndi yolandira malamulo. Akuluakulu a kopaletivi akadzafuna kuona manambala ali ku Lilongwe, mudzadutsitse kulumikizanako mu SSH, njira imene imatsimikiza wolowa ndi kubisa zimene zikudutsa.