Feteleza yekha sangatithetsere njala

Achimwene, mwafunsa kuti boma litachulukitsa makuponi a feteleza mpaka aliyense alandire, kodi njala singathe m'Malawi muno? Ine ndikuti singathe, ngakhale fetelezayo sindikumunyoza.

Makuponi anayamba mu 2005, nthawi ya a Bingu wa Mutharika, ndipo zaka zoyambirirazo chimanga chinachulukadi. Mu 2020 kunabwera AIP, ndondomeko ina ya boma ya feteleza ndi mbewu zotsika mtengo. Koma tafunsani alimi achikulire kwanuko, akuuzani kuti munda umene unkabereka ndi thumba limodzi lero ukufuna awiri. Nthaka yaguga. Timabzala chimanga pamene tachotsa chimanga, mapesi timatentha posaka mbewa, mitengo ya m'mapiri yathera makala, ndiye mvula ikagwa dothi lachonde limangokokolokera kumitsinje. Fetelezayo timachitanso kugula kunja, ndi ndalama zakunja zomwe zikutisowa kale.

Chimene chimandipweteka n'chakuti njira zobwezeretsa chonde tili nazo. Nandolo, mtedza, soya ndi khobwe zimasiya chonde m'munda. Msangu umayoyola masamba nthawi yadzinja, n'chifukwa chake chimanga cha pansi pake chimakondwa osaphimbidwa ndi mthunzi. Ku Ekwendeni alimi akhala akuchita kasakaniza ndi kasinthasintha wa mbewuzi kuyambira cha m'ma 2000, ndipo ana awo akudya zakasinthasintha. Manyowa a Mbeya, osakaniza ndowe, gaga, phulusa ndi feteleza pang'ono, nawo amathandiza kuti feteleza wochepa akwanire malo aakulu.

Komatu mlimi sangalime chimene sichigulika. Mu 2017 dziko la India litachepetsa kugula nandolo wakunja, mtengo unagwa ndipo alimi a kum'mwera analira, ena n'kumusiya kulima. Ndiye dongosolo la dziko liyenera kuyambira pamsika: mafakitale oyenga mafuta ndi okonza chakudya cha ziweto konkuno, sukulu zophika phala zigule kwa alimi apafupi, ADMARC izikhala ndi ndalama nthawi yokolola.

Nyengo nayo yasintha. Namondwe wa Freddy anakokolola minda mu 2023, chaka chotsatira ng'amba inakhudza maboma 23 mwa 28. Mthirira wa ku Chikwawa ndi Nsanje uthandiza, koma mapira, mawere, chinangwa ndi mbatata tisamazione ngati chakudya cha pa njala pokha.

Ndikanakhala wogawa bajeti ya zaulimi, makuponi sindikanawathetsa lero lomwe, chifukwa osauka angavutike. Ndikanamatapako pang'ono chaka ndi chaka n'kulemba ntchito alangizi ambiri, kuwapatsa njinga zamoto, ndi kuchulukitsa mbewu za mtundu wa nyemba kuti zizipezeka pafupi ndi mudzi mvula isanagwe.