Mwana wongoti duu musamukwapule

Mayi inu amene mukuti mwana wanu amangoti duu osayankha, chonde mwanayo musamukwapulenso, ndipo EEG imene akuuzaniyo, makina ojambula mafunde a ubongo pofufuza khunyu, pitani akamuyeze. Wanga wamkazi ankachita zomwezo ali Sitandade 3. Akulankhula bwinobwino, kenako duu, maso tong'o, zikope zikuphethira, timasekondi tochepa, n'kupitiriza ngati palibe chachitika. Aphunzitsi ake ankati ndi mwano, ankamugwaditsa panja, dzuwa la ku Salima kuno mukulidziwa. Apongozi anga akuti amulodza. Mbuzi inapita kwa sing'anga, mwana anabwerako ndi mphini pachipumi. Mpaka lero ndikaziona ndimapsa mtima.

Tsiku lina tinali kunyanja ku Senga Bay tikutsuka mbale, mwera ukuwomba. Iye analowa mpaka m'chiuno kukatsukuluza. Ndinamuitana, zii. Ndinaona mbale yapulasitiki ikuchoka m'manja mwake n'kumayandama, iye ali chiimire. Funde linamugwetsa chafufumimba, osatambasula ngakhale dzanja. Ndinamukoka ndi diresi, mchenga uli m'kamwa, akutsokomola madzi, miyendo yanga ikunjenjemera. Atatsitsimuka anandifunsa kuti, "Amayi, mbale ija ili kuti?" Sankadziwa chilichonse. Ndipo madzulo ake apongozi anati ine ndi wosasamala!

Kuchipatala chachikulu pomuyeza EEG ija anamumata timawaya pafupifupi 20 m'mutu. Sizipweteka, salowetsa magetsi m'mutu ayi, makinawo amangojambula magetsi amene ubongo umapanga wokha. Adokotala anandionetsa pakompyuta kuti magetsiwo amayenda mwa mafunde oti mutha kuwawerenga: munthu akatseka maso ali phee amagunda maulendo 8 mpaka 13 pa sekondi, akagona tulo tofa nato amatsika osafika 4. Anamuuza kuti apume mwamphamvu, ndipo mphindi zitatu zisanakwane, duu, pamaso pathu. Mizere yonse inasintha nthawi imodzi: kosongoka, kenako kaphiri, kosongoka, kaphiri, katatu pa sekondi iliyonse. Adokotala anati ndi khunyu la mtundu wa absence, longoti duu osagwa n'kuphupha, maselo a mu ubongo amene amayenera kugwira ntchito zosiyanasiyana onse amayamba kugunda pamodzi ngati ng'oma imodzi, n'chifukwa chake mwana samva. Ndinalira pomwepo. Makinawa si atsopano, Hans Berger wa ku Germany anayamba kujambula mafunde a ubongo wa munthu mu 1924, koma ife tikutemabe ana mphini.

Anamupatsa mankhwala otchedwa sodium valproate, duu uja anatha, m'kalasi akukhoza.

Komabe musaike mtima wonse pa makinawo. Ambiri amene alidi ndi khunyu, ulendo woyamba zotsatira zimatuluka zabwinobwino chifukwa sichinamugwire ali pomwepo. Ngati ya thiransipoti ikuvuta musakongole katapila, yambani mwamujambula vidiyo pafoni akati duu, mukaonetse kuchipatala chapafupi. Muwauzenso ngati anadwalapo malungo aakulu okomoka nawo. Musapemphe mankhwala a mnzake, carbamazepine amathandiza khunyu lina koma ili amatha kuliwonjezera. Akamupatsa ake asadumphitse. Kunyanja ndi pamoto asakhale yekha, ndipo kusukuluko mupiteko nokha mukawauze aphunzitsiwo maso ndi maso.