Manyowa a apongozi apha mbande za mkamwini

Azakhali,

Amuna anga anafesa njere za zomera zodya tizilombo m'timiphika pakhonde pathu ku Matawale. Amayi anga atabwera kudzacheza anaona kuti dothilo ndi losauka, ndipo mwachifundo anathiramo manyowa a nkhuku ndi madzi a pampopi. Mbande zonse zafa. Bambo a kunyumba angoti duu, pomwe amayi akuti mkamwini akuwanyoza chifukwa cha udzu wamba. Ndikhale mbali ya yani?

Mayi wothedwa nzeru, Zomba

Mwana wanga,

Pa za dothi, amuna anu sakulakwa. Zomera zimenezi, monga Drosera ya masamba omata kapena Venus flytrap yochokera ku North Carolina ndi South Carolina, kwawo ndi m'madambo a dothi la asidi lopanda chonde, ndipo n'chifukwa chake zimapeza chakudya pogwira tizilombo. Mizu yake imapsa ndi manyowa kapena feteleza, ngakhale pang'ono chabe. Pofesa pamafunika peat moss ya sphagnum (ndere zowola za m'madambo) yosathiridwa feteleza, yosakanizidwa theka ndi theka ndi perlite (timiyala toyera topepuka) kapena mchenga wa silika wotsukidwa bwino. Njere amaziwaza pamwamba osakwirira chifukwa zimafuna kuwala, ndipo kamphika kamakhala m'mbale ya madzi a mvula, popeza a pampopi ndi a pachitsime nthawi zambiri amakhala ndi mchere umene umaunjikana m'dothimo.

Koma zonsezi amayi anu akanazidziwira kuti? Munthu amene wakalamba akulima chimanga akaona mbande zowonda amathamangira manyowa, ndipo anachita zimenezi pofuna kuthandiza. Amuna anu sanawafotokozere kanthu, ndiye kuwakwiyira mwakachetechete n'kuwasenzetsa mlandu wosaudziwa.

Mwambo wathu suloleza mkamwini kukangana ndi apongozi maso ndi maso, choncho wonyamula mawu ndinu, ndipo nkhani yotere musaifikitse kwa ankhoswe. Lankhulani ndi amuna anu muli awiri, muvomereze kuti ntchito yawo yapita pachabe, osaseka kapena kuitcha masewera. Kenako fotokozerani amayi za dothilo modekha, opanda mawu owadzudzula.

Amuna anu akafuna kufesanso, ayambe ndi dothi latsopano, chifukwa lakalelo manyowa alowerera. Asakazule zomera kuphiri; akafunse malangizo ku National Herbarium and Botanic Gardens konko ku Zomba, ndipo mvula ikayamba atchere ndowa yosungira madzi a mbandezo.

Azakhali anu