Kodi n'zoona kuti mphaka mmodzi anatha mtundu wonse wa mbalame?

Mmodzi mwa inu owerenga wandilembera imelo kufunsa ngati ili yoona nkhani imene anamva, yakuti mphaka mmodzi dzina lake Tibbles anapha mbalame zonse za mtundu winawake pa kachilumba kena ku New Zealand. Mbalameyo inathadi, koma mlandu wonse sungagwere mphaka mmodzi.

Akatswiri amaitcha Traversia lyalli, ndipo inkakhala pa chilumba cha Stephens, chimene Amaori (anthu oyamba kukhala ku New Zealand) amachitcha Takapourewa, m'nyanja imene imalekanitsa zilumba ziwiri zikuluzikulu za dzikolo. Kanali kambalame ka m'gulu la mbalame zoyimba, koma chodabwitsa n'chakuti sikankauluka. Kankangothamanga pansi ngati mbewa. Mu 1894 nsanja ya nyali yolondolera sitima zapamadzi inayamba kugwira ntchito pachilumbacho, ndipo David Lyall, mmodzi mwa oyang'anira nyaliyo, anayamba kuona mphaka akubwera ndi timbalame takufa kunyumba. Tina mwa timbalameti tinafika ku England kwa Walter Rothschild, katswiri wa zinyama, amene anapatsa mtunduwo dzina chaka chomwecho, koma pofika 1895 mbalameyo inali itasowa.

Nkhani imene munamvayo imasiya zinthu ziwiri. Amphaka amene anthu anabwera nawo anathawira m'tchire n'kuswana kwambiri, moti mu 1899 woyang'anira nyali watsopano anali atawombera amphaka oposa 100, ndipo amphakawo anadzatheratu cha mu 1925. Chachikulu kuposa pamenepo, mafupa akale amene anapezeka akusonyeza kuti mbalameyi poyamba inali yofala pa zilumba zikuluzikulu za New Zealand, ndipo akatswiri amakhulupirira kuti inathako chifukwa cha makoswe otchedwa kiore, amene anafika pamodzi ndi makolo a Amaori zaka pafupifupi 700 zapitazo. Chilumba cha Stephens, chimene makoswewo sanafikeko, chinali pothawirapo pomaliza, choncho amphaka anangomaliza ntchito imene inayamba kalekale.

Ine ndikuona kuti anthu amakonda nkhani ya Tibbles chifukwa imakankhira mlandu kwa nyama, pamene anthu ndi amene anatengera makoswe ndi amphaka kumalo kumene mbalame zinali zisanakumanepo ndi adani otere. Ogulitsa mitembo ya mbalame nawonso ankaisakasaka chifukwa inkagulidwa pamtengo wokwera, ndipo yochepa imene ilipo lero ikusungidwa m'nyumba zosungiramo zinthu zakale, kuphatikizapo za ku London ndi New York.