Funsani Tiyankhe: N'chifukwa chiyani njinga za akatswiri siziloledwa kupepuka kuposa makilogalamu 6.8?

Funso: Akonzi, ndimakonda kuonera mpikisano wa Tour de France pa kanema, ndipo tsiku lina ndinaona oyang'anira mpikisano akupachika njinga pa sikelo opalasa asananyamuke. Wolengeza ananena kuti njinga ikapepuka kwambiri mwini wake salowa mu mpikisano. Ine ndimaganiza kuti njinga yopepuka ndiyo yabwino. Kodi lamulo limeneli linachokera kuti, nanga likuthandiza ndani?

Yankho: Zikomo chifukwa cha funso lanu. Lamuloli ndi la bungwe la UCI, limene limayang'anira mipikisano ya njinga padziko lonse ndipo likulu lake lili ku Aigle, m'dziko la Switzerland. Kuyambira m'chaka cha 2000, njinga iliyonse yolowa mu mpikisano wa pamsewu wovomerezeka ndi bungweli iyenera kulemera makilogalamu 6.8 kapena kuposerapo. Poyeza amayamba achotsa zinthu zimene zingathe kuchotsedwa mpikisano uli mkati, monga mabotolo a madzi ndi kakompyuta ka pachiwongolero.

Chifukwa chachikulu chinali chitetezo. M'zaka za m'ma 1990 opanga njinga anali kusiya chitsulo n'kumagwiritsa ntchito aluminiyamu ndi carbon fibre (ulusi wa kaboni wopepuka koma wolimba), ndipo ankapikisana pochepetsa kulemera kwa felemu, moti panali nkhawa yakuti ena adzapyapyalitsa mapaipi mpaka njinga kuthyoka wopalasa akutsetsereka phiri pa liwiro loposa makilomita 80 pa ola. Panalinso ganizo lina, limene bungweli linalemba mu chikalata chake cha mfundo chimene chinavomerezedwa mu mzinda wa Lugano mu 1996, lakuti mpikisano uzipambanidwa ndi miyendo ya munthu, osati ndi makina a timu ya ndalama zambiri.

Munaganiza bwino kuti kupepuka kumathandiza, koma kumathandiza kwenikweni pokwera. Titenge phiri la Alpe d'Huez la ku France, lokhala ndi makona 21, pomwe msewu umakwera mamita oposa 1,000 pa mtunda wa makilomita pafupifupi 14. Katswiri amene akukwera phirili mwamphamvu, akachotseredwa kilogalamu imodzi amapulumutsa pafupifupi theka la mphindi, ndipo theka la mphindi si laling'ono tikakumbukira kuti Greg LeMond anapambana Tour de France ya 1989 ndi masekondi 8 okha. Pamsewu wopanda zitunda nkhani imasintha, pakuti pamenepo mdani wamkulu ndi mphepo, ndipo kilogalamu imodzi siioneka n'komwe.

Vuto ndi lakuti luso la opanga njinga linalipitirira lamuloli kalekale. Mu 2014 kampani ya Trek inkagulitsa kale njinga ya pamsewu yolemera makilogalamu osafika 5, ndipo kwa zaka zingapo amakaniko a matimu ankachita chinthu chooneka ngati chododometsa: ankalowetsa tizidutswa ta mtovu m'paipi ya pansi pa chishalo kapena pafupi ndi pamene pamazungulira mapedulo, kuti singano ya sikelo ifike pa 6.8. Mtovu umenewo sunkalimbitsa njinga ngakhale pang'ono. Apa m'pamene ine ndimaona kuti lamuloli linalakwitsa poyesa kulimba ndi sikelo, chifukwa njinga yolemera ikhoza kukhala ndi foloko yofooka, pomwe yopepuka yopangidwa mosamala ikhoza kupirira zambiri. Kuyambira mu 2011 UCI imayamba yavomereza mtundu uliwonse wa felemu usanalowe mu mpikisano, ndipo njira imeneyi ndi imene ikuyandikira kwambiri cholinga cha poyamba chija.

Komabe lamuloli linabala zipatso zimene olikhazikitsa mwina sanaziganizire. Popeza kupepukitsa njinga kunalibenso phindu, opanga anagwiritsa ntchito magalamu otsalawo pa zinthu zina: mapaipi oumbidwa kuti azing'amba mphepo, malimu akuya, magiya osinthidwa ndi magetsi, zipangizo zoyezera mphamvu ya miyendo, komanso mabuleki a disc (ogwira kachimbale ka pakati pa gudumu), amene analoledwa kotheratu mu 2018. Zonsezi zinalemeretsa njinga, moti lero akatswiri ambiri amapalasa njinga zopitirira makilogalamu 7 popanda mtovu uliwonse.

Amene lamuloli limawapsinja ndi opalasa a matupi ang'onoang'ono, makamaka amayi, chifukwa muyezo ndi umodzi kwa aliyense. Kwa mwamuna wa makilogalamu 80, njinga ya 6.8 ndi gawo limodzi mwa magawo pafupifupi 12 a kulemera kwake, koma kwa mayi wa makilogalamu 50 ndi gawo limodzi mwa magawo pafupifupi 7, ngakhale kuti felemu yake yaing'ono ikanatha kupepuka mwachibadwa popanda kufooka. Pachifukwa chimenechi ndimagwirizana ndi amene akupempha kuti muyezowu utsitsidwe kapena uzitsatira kukula kwa njinga.

Ngati inuyo mumapalasa pongolimbitsa thupi, lamuloli silikukukhudzani, ndipo ngakhale mipikisano yokwera zitunda ya ku Britain, imene siitsatira muyezo wa UCI, imalola njinga zopepuka kuposa pamenepo.