Bala la Agogo Limafika Bwanji kwa Mdzukulu?

Funso: Akonzi, ndinamva mtsikana wachiyuda pa wailesi akulira pofotokoza za Holocaust, kuphedwa kwa Ayuda ochuluka ku Ulaya pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, chonsecho iyeyo anabadwa patapita zaka zambiri nkhondoyo itatha. Kodi munthu angavutike bwanji ndi zoopsa zimene sanazione? Wowerenga, Zomba.

Yankho: Nkhaniyi inadabwitsanso madokotala. Mu 1966, Vivian Rakoff, katswiri wa matenda a maganizo ku Montreal m'dziko la Canada, analemba za ana a anthu opulumuka m'misasa yozunzirako anthu ya chipani cha Nazi cha ku Germany amene ankafika kuchipatala ali osweka mtima, ngakhale anabadwa pa mtendere.

Ayuda pafupifupi 6 miliyoni anaphedwa, ndipo ambiri mwa otsalawo anatseka pakamwa poganiza kuti akuteteza ana awo. Komatu mwana ali ndi maso. Ankaona nambala yodindidwa pa mkono wa bambo ake amene anatuluka ku msasa wa Auschwitz, ankamva mayi ake akubwebweta kutulo, ndipo ankazindikira kuti pakhomo pawo sipafika agogo, azakhali kapena amalume monga zimakhalira kwa anzake. Ena anapatsidwa mayina a abale ophedwawo, potsatira mwambo wotcha mwana dzina la malemu, choncho ankakula akudziwa kuti akuimira munthu amene sanamuonepo. Ife tikuona kuti kusayankhulako n'kumene kunazamitsa bala, chifukwa mwana ankasenza mantha popanda womuuza kumene achokera.

Zinthu zinayamba kusintha mu 1961 pa mlandu umene unazengedwa ku Yerusalemu wa Adolf Eichmann, mkulu wa chipani cha Nazi amene ankayendetsa ntchito yotumiza Ayuda ku misasa yopherako anthu, pamene mboni zoposa 100 zinafotokoza poyera zimene zinaona. Kuyambira 1994, bungwe la Shoah Foundation, limene anayambitsa wopanga mafilimu Steven Spielberg, lajambula maumboni oposa 50,000, ndipo womvera amakumana ndi munthu mmodzi, dzina lake ndi tauni ya kwawo, zimene chiwerengero chokha sichingamupatse.

Kufotokozera ana mbiri yowawa ndi mwambo wakale kwa Ayuda. Pa chakudya cha Pasaka, mwana wamng'ono ndiye amafunsa chifukwa chake usiku umenewu uli wosiyana ndi usiku wina uliwonse, ndipo banja limayankha likudya mkate wopanda chofufumitsa ndi masamba owawa, uku likuviika ndiwo m'madzi a mchere okumbutsa misozi. Mawu amene amawerengedwa usikuwo amauza aliyense kuti adzione ngati iye mwini ndiye anatuluka mu Iguputo. Mwina mtsikana munamumvayo anakulira pa tebulo lotere.